Chinangwa cha mafakitale: tibzale chochuluka kapena tiyambe tadikira?

Funso lachokera kwa amai ena a ku Vubwi, Kum'mawa kwa Zambia, amene amatsogolera kopaletivu ya azimai kumeneko. Akuti: "Tamva pa wailesi kuti manje chinangwa sichakudya chabe, akupangira mafuta a motoka, guluu, ngakhale kumigodi ati akuchifuna. Gulu lathu malo lili nawo ndipo chimanga chinatigwiritsa mwala mu 2024. Kodi tibzale chinangwa chochuluka kuti tizigulitsa kumafakitale? Nanga kandolo nayenso ali ndi msika wotere?"

Amai, zimene mwamvazo si bodza, zonse zilipo. Koma ndikanakhala mu gulu lanulo ndikanakana zodzaza malo onse ndi chinangwa chaka choyamba, ndipo chifukwa changa sichili m'munda ayi, chili pa msewu. Chinangwa chimamera bwino kwathu kuno, pamchenga chimalola, chilala chimapirira, fetelaiza sichilira ngati chimanga. Vuto limayamba tsiku lokumba.

Chinangwa chachiwisi pafupifupi magawo awiri mwa atatu ndi madzi. Chimene fakitale ikufuna ndi sitachi, choyera chija chimakhazikika pansi pa beseni mukatsuka chinangwa chopala, ndipo kuti mupeze kilo imodzi ya sitachi youma pamafunika makilo 4 kapena 5 a chachiwisi. Ndiye tengani thilaki ya matani 30, mwaidzaza bwinobwino, matani pafupifupi 20 amene mukulipirira dizilo ndi madzi okhaokha. Komanso chikangozulidwa sichidikira munthu, pakapita masiku awiri kapena atatu chayamba kale mizere yakuda mkati ndipo wogula akungochiyang'ana nkupukusa mutu. Kuchoka pa Chipata kufika Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, onjezani msewu wanu wa ku Vubwi uja, onjezani tsiku losakasaka thilaki, lina dalaivala wagona pa Luangwa chifukwa cha tayala. Nchifukwa chake padziko lonse fakitale ya sitachi imamangidwa pakati pa minda, alimi amabweretsa ndi ngolo kapena kathilakita m'mawa, madzulo chagayidwa. Fakitale ikakhala kutali ndi munda ndiye kuti mlimi agulitse chouma basi.

Manje poti dziko lathu lilibe nyanja yaikulu, nkhaniyi ili pawiri ndipo anthu ambiri amangolankhula mbali imodzi. Mbali yabwino ndi yakuti katundu aliyense wochokera kunja amafika kuno atadula, wadutsa Dar es Salaam kapena Beira kapena Durban, wakhala pa boda, wakwera thilaki masiku. Ndiye fakitale ya makatoni ku Lusaka kapena ku Ndola ikamagula sitachi ya kunja imalipira mtunda wonsewo, ndipo pamenepo ndi pamene wopanga wa konkuno angalowere. Mafuta ndi chimodzimodzi, Zambia sikumba mafuta, dizilo amabwera mu paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, makilomita 1,710, petulo amabwera ndi matanka pa msewu, zonse kulipira madola. Lita iliyonse ya ethanolo, mowa wamphamvu wotchezedwa mu fakitale, yopangidwa konkuno nkusakaniza ku petulo ndi dola imene yatsala m'dziko. Anzathu a ku Malawi anaziona kalekale izi, anayamba kusakaniza ethanolo ku petulo mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenako inabwera PressCane ku Chikwawa, koma dziwani kuti iwo amapangira zotsalira za nzimbe, osati chinangwa.

Mbali yoipa ndi yakuti mtunda womwewo umatitsekera kunja. Thailand ndiye mfumu ya sitachi ya chinangwa pa msika wa dziko lonse, minda ili pafupi ndi mafakitale, mafakitale ali pafupi ndi doko, sitima imanyamula mopepuka mtengo. Ife kuti thumba lathu likafike pa doko la Nacala lawononga kale ndalama zimene wa ku Thailand sanawononge. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010 inde, koma inu nomwe mukudziwa kuti katundu wa mlimi wamba amayendabe pa msewu. Maiko opanda nyanja amene chinangwa cha mafakitale chawayendera ndi aja ali ndi wogula wamkulu kuseri kwa mpanda. Laos ilibe nyanja koma yazunguliridwa ndi Thailand, Vietnam ndi China, onse atatu anjala ya chinangwa chouma, ndipo kuyambira December 2021 kuli njanji yolowa mu China. Paraguay nayo ilibe nyanja koma imapanga sitachi nkumagulitsa kwa oyandikana nawo monga Brazil. Ife oyandikana nafe, Malawi, Mozambique, Tanzania, Congo, onse amalima chinangwa chawochawo chochuluka. Ndiye wina akadzabwera pa msonkhano wanu ndi nkhani yakuti muzikagulitsa ku China, mumufunse kuti thiransipoti alipira ndani.

Za m'dziko mwathu zimene munamva pa wailesi ndi izi. Zambian Breweries imagula chinangwa chouma kwa alimi a ku Luapula, cha ku Mansa uko, nkumaphikira Eagle Lager, monga momwe a ku Mozambique anayambira ndi mowa wa Impala ku Nampula mu 2011. Mowa tingatsutsane ngati ndi chakudya kapena ayi, koma kwa mlimi ndi fakitale ndithu. Kumigodi sitachi amaithira m'matanki momwe amalekanitsira mkuwa ndi miyala yopanda ntchito, imathandiza kuti zosafunikazo zitsalire pansi pamene mkuwa ukukwera ndi thovu, ndipo nkhani ya chinangwa cha migodi yamveka kwambiri cha ku Kalumbila ku North-Western. Ethanolo ya chinangwa kuli fakitale ya Zhongkai ku Chibombo, komanso pulojekiti ya Sunbird imene inalengezedwa ku Kawambwa. Taonani maina a malowo. Mansa, Kawambwa, Kalumbila, konseko kuchokera kwanu ndi kupitirira makilomita 1,000, ndipo anasankha kumeneko dala chifukwa kumeneko chinangwa ndiye nsima yawo, nyumba iliyonse ili ndi munda, wogula akaimika sikelo thilaki imadzaza tsiku lomwelo. Inu mukapikisana ndi mlimi amene munda wake uli pakhomo pa depoti. Chibombo ndiye yapafupiko, komabe muyambe mwadutsa Lusaka.

Ndipo pali mdani wina amene sitimutchula, chimanga chathu chomwechi. Sitachi ndi sitachi, ya chimanga imagwiranso ntchito zambiri zomwezo, ndipo chimanga chimasungika miyezi, chili ndi FRA, bungwe la boma logula chimanga, chili ndi FISP, pulogalamu ya fetelaiza wotchipa, mavenda amachilondola mpaka kumudzi. Chaka chimene chimanga chachuluka mtengo nkugwa, wa fakitale saona chifukwa chovutikira ndi chinangwa. Ku Ulaya zinachitikapo zotere, zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Thailand inkatumiza chinangwa chouma chochuluka kukadyetsa nkhumba kumeneko, koma atasintha malamulo a mitengo ya tirigu ndi zinzake mu 1992 mbewu zawo zinatchipa ndipo msika uja unafota pang'onopang'ono. Alimi a ku Thailand sanalakwitse kalikonse m'munda.

Sindikunena kuti musabzale. Bzalani, koma msika woyamba muufune pamene njinga kapena ngolo ingafike, ndipo ulipo.

Woyamba ndi ziweto. Kum'mawa kuno nkhumba ndi zambiri, nkhuku za mabuloila pa Chipata, Katete ndi Petauke aliyense akuweta kuseri kwa nyumba, ndipo onsewa amalira mtengo wa chakudya, makamaka kuyambira November kufika February pamene gaga wasowa ndipo wa chigayo akumugulitsa ngati shuga. Makaka ouma bwino ogayitsa amalowa m'malo mwa gawo la chimanga. Koma chinangwa ndi mphamvu chabe, zomanga thupi chili nazo pang'ono kwambiri, pafupifupi 2 kapena 3 pa 100 pamene chimanga chili ndi 8 kapena 9, ndiye mukangopatsa nkhumba chokhachokha zizikhuta koma osakula. Muzisakaniza ndi keke ya soya kapena ya sanifulawa, mwachitsanzo makilo 4 a chinangwa ndi kilo imodzi ya keke ya soya zimayandikira makilo 5 a chimanga, ndipo soya ndi sanifulawa kwathu kuno sitisowa. Apa mudziwiretu kuti woweta adzafuna chinangwa chanu chitchipe kuposa chimanga chifukwa akawonjezera soya, olo mukwiye ndi momwe masamu ake alili. Makoko osenda aja musataye, kuwayanika mpaka agome amadyetsa mbuzi ndi ng'ombe, masamba nawonso ouma ali ndi zomanga thupi zambiri, ngati atsala ku chigwada cha pakhomo.

Wachiwiri, umene ine ndimaukonda kwambiri pa gulu ngati lanu, ndi malasha oumba. Taonani mapiri ozungulira Chipata momwe ayerera, thumba la malasha likudula chaka ndi chaka, ndipo malaiti akamathima maola ambiri ngati mu 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba aliyense mutauni amabwerera ku mbaula. Pamene kumudzi makoko a nshawa, zitsononkho ndi mapesi tikungotentha pa dzala. Zimenezo mumaziwotcha mu dilamu yotsekedwa kuti zisapse nkukhala phulusa koma zide, mumasinja, kenako mumaphika phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa nkusakaniza, ufa wake pang'ono chabe, kilo imodzi pa makilo 10 mpaka 20 a fumbi lakuda lija, nkuumba ndi manja kapena kutsindira mu kapaipi, nkuyanika masiku angapo mpaka likagwa pansi lisaphwanyike. Ngakhale fumbi lotsala pansi kwa ogulitsa malasha pa maliketi limaumbika chimodzimodzi. Ubwino wake apa chinangwa simukugulitsa pa kilo, mukuchigwiritsa ngati chomatira mu katundu wa mtengo, ndipo sichifuna ufa woyera wa giredi, ngakhale makaka amene afumbwa pang'ono kapena ada ndi mvula amagwira. Kuipa kwake, malasha oumba amachedwa kuyaka ndipo amasiya phulusa lambiri mukachulutsa dothi monga ena amachitira pofuna kulemeretsa, ndiye kasitomala woyamba akakhumudwa sabwereranso. Muyambe ndi ophika nthawi yaitali, a malesitilanti ophika nyemba ndi mapazi a ng'ombe, komanso oweta nkhuku amene amafunditsa anapiye usiku wonse mu June ndi July, amenewo amafuna moto wokhalitsa osati wothamanga.

Guluu ndi nkhani yoona koma msika wake kuno ndi wochepa. Makatoni onse mumaona m'mashopu mapepala ake amamatidwa ndi sitachi yosakaniza ndi soda ndi borax, mafakitale a pulayiwudi amathira ufa mu guluu wawo kuti achuluke ndipo ufa wa chinangwa umatha kulowa m'malo mwa wa tirigu, opanga nsalu amaviika ulusi mu sitachi kuti usaduke pa makina, ngakhale mapilitsi a kuchipatala chimene chimawagwira kuti asamwazike nthawi zambiri ndi sitachi. Koma mafakitale amenewo pa Chipata palibe. Thonje timalima, majinale alipo, koma likachotsedwa njere limapita kukapotedwa kwina. Za mapilitsi ndiye musaganizeko nkomwe, ukhondo wake si wa pa mphasa. Chotsala ndi tating'onoting'ono, guluu wa mapepala m'masukulu, omanga mabuku, sitachi yositira makolala ndi mayunifomu a azimai a mvano, ndalama ya sopo ndi mchere imapezeka koma simungadyetse gulu lonse.

Mukafuna kuyesa sitachi yeniyeni njira yake ndi yapafupi. Kusenda, kutsuka, kupala mpaka chikhale phala, kusefa pa nsalu mukuthira madzi, kusiya madziwo akhazikike usiku, m'mawa kukhuthula a pamwamba, kupalako kachikasu kamene kamakhala pamwamba, nkuyanika choyeracho pa pulasitiki yakuda pa thandala kuti fumbi ndi nkhuku zisafike. Zonsezi tsiku lomwe mwakumba, mukagoneka chimayamba kusasa ndipo wa fakitale amamva ndi mphuno. Chimene chimagwetsa magulu ambiri ndi madzi. Ntchitoyi imamwa madzi oyera ochuluka zedi, ndipo nthawi yabwino yokumba ndi chilimwe pamene sitachi yadzaza mu mizu ndi dzuwa lilipo, mvula ikangogwa chinangwa chimatenga sitachi ija kukaphukitsira masamba atsopano. Koma chilimwe chomwecho ndi pamene pa mjigo pali mzere wa zigubu kuyambira mbandakucha. Muyerekeze kaye a mudzi adzanena chiyani gulu lanu likamatunga madilamu otsukira chinangwa mu October. Nchifukwa chake ine ndimati yambani ndi makaka, amangofuna mpeni, thandala ndi dzuwa. Mudule tizidutswa tating'ono kuti tiume masiku awiri kapena atatu, ouma bwino amathyoka ndi kaphokoso ndipo mkati amayera ngati choko, amenewo chinyezi chake chimakhala chafika cha m'ma 12 mpaka 14 pa 100 chimene ogula amafuna. Musasunge miyezi yambiri, nankafumbwe wamkulu uja amakondanso makaka.

Mitundu ya kubzala muisankhe ndi maso awiri. Kwathu kuno tazolowera Manyokola, wozuna uja wotafuna wachiwisi amene anachokera ku Malawi, ndipo kunena zoona ngati muli pafupi ndi msewu wa anthu ambiri, kugulitsa Manyokola wachiwisi pa mulu kumalipira kuposa fakitale iliyonse. Koma wozuna amakondedwa ndi onse, mbava, mbuzi, nkhumba, anyani, ana a sukulu. Mitundu imene a kafukufuku a boma anatulutsa ku Mansa ndi ku Mutanda, Bangweulu, Kapumba ndi Nalumino mu 1993, kenako Mweru, Chila, Tanganyika ndi Kampolombo mu 2000, imabereka kwambiri, ina mwa iyo ndi yowawa, ndipo kwa sitachi kapena malasha kuwawa si vuto. Kwa munthu ndi chiweto ndi vuto lalikulu. Chowawa chili ndi poizoni wa cyanide, makamaka mu khungu, ndipo chilala chikakula poizoniyo amachuluka. Amachoka mukaviika masiku angapo kapena mukapala nkuyanika bwino, koma makoko aawisi a chowawa angakuphereni nkhumba khola lonse, ndipo madzi otsukira musawalozetse ku mtsinje kapena ku dambo komwe ng'ombe zimamwa, kumbani dzenje. Ndipo poti gulu lanu ndi la azimai a ana, mugwirizane poyera kuti munda wa chowawa ndi uti, mwana wanjala safunsa.

Mitengo yobzala musatenge kwa wina aliyense wobwera nayo pa basi. Matenda owoletsa mizu mkati, aja amati brown streak, anapezeka m'dziko muno mu 2017 ku Chienge ndi ku Kaputa, ndipo amayenda ndi mitengo yomweyo, pamwamba chimaoneka bwino koma mukadula muzu mkati muli zouma zofiirira. Khate la masamba lopiringiza lija ndiye lili paliponse. Pitani kwa a kampu ofisa wanu kapena ku siteshoni ya kafukufuku ya Msekera pa Chipata pompa mukafunse komwe kuli mbewu yoyera.

Koma chimene chalepheretsa chinangwa Kum'mawa kuno kuposa matenda onse ndi mbuzi. Tikangokolola chimanga ziweto zonse zimamasulidwa, ndi mwambo wathu, pamene chinangwa chimakhala m'munda miyezi 12 mpaka 18, ndiye mu September munda wanu ndi wokhawo wobiriwira m'dera lonse. Popanda mpanda kapena lamulo la a mfumu a mudzi loti mwini mbuzi alipire, mukulimira ziweto za eni. Nkhani imeneyi mukambe ndi a mfumu musanagule mtengo olo umodzi, ndipo muwerengere ndalama ya mpanda mu bajeti yopempha ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera, osangolemba makina.

Kandolo ndisakutayitseni nthawi. Ku China amapangira sitachi ndi mowa wa mafakitale, koma kuno Chingovwa wachiwisi pa msewu ali kale ndi mtengo umene fakitale singafike, madzi ali nawo ambiri kuposa chinangwa, sitachi yake imada msanga ndipo imavuta kuyeretsa. Ntchito yake ina kupatula m'mbale ndi ziweto, kholowa ndi mitsitsi yake ndi tizidutswa tosagulika nkhumba zimakonda, ndipo mutha kudula nkutsindira mu dilamu kapena dzenje la pulasitiki kuti zisungike kufika chilimwe. Mbatata ya kachewere ndiye yodula kale, wopanga guluu sangaiyandikire.

Za mafuta a motoka ndikudziwa wina mu gulu anena kuti nanga si kachasu timatha kutcheza. Nzeru yake ndi imodzi inde, kusandutsa sitachi kukhala shuga, kuwiritsa, kutcheza, ndipo tani imodzi ya chinangwa chachiwisi imatulutsa malita 150 kapena kuposerapo pang'ono. Koma wothira mu petulo amafunika atachotsedwa madzi pafupifupi onse, zimene dilamu ndi paipi ya kumudzi sizingathe, nkhuni zimene mungatenthe zingadye phindu lonse, ndipo popanda mapepala a ZRA, a zamisonkho, ndi a ERB, oyang'anira za mafuta ndi magetsi, mwapalamula. Gawo la mlimi pa ethanolo ndi kugulitsa makaka, basi.

Ndiye chaka chino bzalani gawo laling'ono limene mungathe kulitchinga, theka Manyokola theka mtundu wobereka kwambiri, chimanga, nshawa ndi soya zikhalebe pamalo pake. Pamene chikukula yendani kwa oweta nkhumba ndi nkhuku a pafupi ndi kathumba ka makaka ogaya akayese, ndipo malasha oumba mutha kuyamba mwezi uno ndi ufa wogula pa maliketi meda imodzi. Akadzabwera wa kampani ndi mafomu a kontilakiti, mumufunse ngati akugula chachiwisi kapena chouma, sikelo adzaimika kuti, thilaki ndi ya ndani, mtengo pa kilo walembedwa kapena adzanena tsiku logula, amalipira pompo kapena pakapita masiku angati, ndipo akakana katundu wanu chifukwa cha chinyezi amapima ndi chiyani inu mukuona. Mumupemphenso akuuzeni mudzi umene anagulako chaka chatha, mutume awiri a gulu akacheze ndi alimi a kumeneko musanasaine.